Njoka ya mwala ya ku Whitby, ndi dzina lolakwika limene ndinaipatsa

Amene muli m'basi kupita ku shifiti ya usiku ku Manchester, amene mwangoweruka kumene ku Cape Town, amene muli ku Dallas kumene dzuwa likadali paliwombo, takulandirani. Ndine yemwe uja wa makompyuta, amene mumandikumbukira laputopu ikakana kuyaka. Koma lero za ma password ndi ma router tiziike pambali kaye. Lero ndabwera ndi mwala. Mukumva kugogoda uku pa tebulo? Ndi kamwala kotuwa, kokwana bwinobwino m'chikhatho. Kameneka kandichititsa manyazi kawiri, koyamba pamaso pa mayi anga, kachiwiri pamaso pa mwana wanga. Ndiye ndati ndikusimbireni, mwina inu mupulumukeko.

Chaka chatha, nthawi yotentha ya kuno, tinapita ku Whitby, tawuni ya m'mbali mwa nyanja kumpoto chakum'mawa kwa England, m'chigawo cha North Yorkshire. Kuchokera ku Leeds kumene ndimakhala, pa galimoto ndi pafupifupi maola awiri. Anthu ambiri amapitako kukadya nsomba ndi tchipisi, ndi kukwera masitepe 199 opita ku mabwinja a nyumba ya amonke imene ili pamwamba pa chitunda. Ife tinatsikira kugombe la Saltwick Bay madzi ataphwa. Mwana wanga wamkazi, wa zaka 8, anatola mwala wozungulira, wophwatalala pang'ono, m'mphepete mwake mukusuzumira timizere totukuka. Bambo wina amene anali ndi hamala ndi magalasi oteteza maso anatikodola, n'kuumenya kamodzi kokha cham'mbali. Phwaa! Mwala unagawanika pakati. Mkatimo munali chinthu chodzikulunga ngati nkhata, chili ndi nthiti zambirimbiri zondandalikana bwino ngati wina anachita kukhalira pansi kuzisema.

Titafika kunyumba, mayi anga, amene anabwera kudzacheza kuchokera ku Dedza, anakaona pa shelefu. "Iwe, ichi chikutani m'nyumba muno?" Ine ndinati, "Amayi, imeneyo ndi fossil." Iwo, "Ine ndikuona njoka yodzikulunga. Zotola kunyanja za eni ake saika pamene pamagona mwana." Ndinaseka, n'kunena kuti si njoka. "Chabwino, si njoka. Nanga n'chiyani?" Pamenepo ndinangoti kukamwa yasa. Digiri yonse ija, masetifiketi onse aja, funso la mawu awiri linandikanika.

Manyazi achiwiri ndinadziputira ndekha. Usiku womwewo ndinalemba pa Google mawu akuti Whitby ammonite, ndinaona dzina lakuti Hildoceras, pambali pake chithunzi cha chinthu chozungulira, ndinati basi ndapeza. Ndinachita ndendende zimene ndimakalipira makasitomala anga, kudina yankho loyamba osawerenga. Ndinalemba dzinalo pa kapepala, mwana n'kupita nako kusukulu tsiku loonetsa zinthu m'kalasi. Madzulo akubwera nkhope ili yakugwa. "Adadi, aphunzitsi akuti dzina lija mwina si lake. Akuti tione ngati kali ndi keel." Ine keel sindinkaidziwa n'komwe. Ndiye zimene ndikambe lerozi ndi homuweki imene ndinapatsidwa ndi mphunzitsi wa mwana wa zaka 8.

Ndiyambe ndi kuwapepesa Amayi, chifukwa sali okha. Anthu a ku Whitby komweko kwa zaka mazanamazana ankanena kuti miyala imeneyi ndi njoka. Kunali mayi wina wa Chikhristu dzina lake Hilda, amene anayambitsa nyumba ya amonke ija m'chaka cha 657, n'kumwalira mu 680. Nthano yake imati pamalopo panali njoka zambiri, iye anapemphera, njoka zonse n'kudzikulunga, n'kusanduka miyala. Vuto linali limodzi, njoka zake zinalibe mitu. Ndiye m'zaka za m'ma 1800 amalonda ankangosema kamutu ka njoka kumapeto kwa mwalawo kuti alendo agule. Geni ndi geni, aise. Mpaka lero chizindikiro cha tawuni ya Whitby chili ndi njoka zamiyala zitatu. Dzina lija ndinalemba molakwika, Hildoceras, limatanthauza nyanga ya Hilda. Ngakhale mawu akuti ammonite amachokera ku nyanga, nyanga zopindika za nkhosa yamphongo zimene ankamujambula nazo Ammon, mulungu wa Aigupto akale.

Tsono ngati si njoka, n'chiyani? Ndi chigoba cha nyama ya m'nyanja ya mchere. Mukachiona mungati nkhono, ndipo pachibale chakutali simunaphonye, koma abale ake enieni ndi octopus ndi squid, nyama zija zamanja ambiri kumutu. Gulu lonse la ma ammonite ndi makolo awo linayamba zaka zoposa 400 miliyoni zapitazo, n'kutheratu pafupifupi zaka 66 miliyoni zapitazo, pa tsoka lomwe lija linamaliza ma dinosaur. Lero kuli nyama ina yotchedwa nautilus imene ili ndi chigoba chofananako, koma akatswiri ambiri amati ammonite anali pafupi ndi octopus ndi squid kuposa nautilus. Umboni umodzi ndi ana ake. Ammonite ankaswa ali kakang'ono kwambiri, kachigoba ka milimita imodzi kapena ziwiri, pamene nautilus amaswa ali wamkulu kale, masentimita awiri kapena atatu.

Kusiyana kwake ndi nkhono kuli mkati. Chigoba cha nkhono ndi chipinda chimodzi. Cha ammonite chili ngati nyumba ya mdadada, zipinda zambiri zotsatizana, chilichonse chotsekedwa ndi khoma lake. Nyamayo inkakhala m'chipinda chomaliza chokha, cha kukhomo. Ikakula inkasendera kutsogolo n'kumanga khoma lina kumbuyo kwake. Zipinda zakalezo zinali ndi mpweya ndi timadzi pang'ono, ndipo kapaipi kowonda, kotchedwa siphuncle, kankadutsa m'zipinda zonsezo kukoka madziwo kuti nyama isamire. Mwa ammonite ngati wangayu kapaipiko kamadutsa m'mphepete mwa kunja, mwa nautilus kamadutsa chapakati. Pamene khoma lililonse lakumana ndi chigoba cha kunja pamakhala msoko, ndipo chigoba chikasupuka msokowo umaoneka wokhotakhota ngati masamba a karoti. Njoka ilibe zimenezo.

Tsopano tibwere pa dzina. Kwa ine wa makompyuta, kagawidwe ka zamoyo kali ngati mafoda, foda mkati mwa foda. Foda yaikulu ndi Mollusca, mmene muli nkhono ndi abale ake onse. Mkati mwake muli Cephalopoda, mmene muli octopus. Mkati mwake Ammonoidea, kenako Ammonitida, kenako banja lotchedwa Dactylioceratidae. M'banja limenelo ndi mmene muli genus ya kamwala kanga, Dactylioceras. Genus muziitenga ngati mfunda, Phiri kapena Banda, kungoti asayansi amayamba kulemba mfunda, dzina la mwini n'kubwera pambuyo. Wotchuka kwambiri ku Whitby ndi Dactylioceras commune. Anayamba kumufotokoza ndi James Sowerby mu 1815, koma iye anamutcha Ammonites communis, chifukwa nthawi imeneyo pafupifupi onse ankangoponyedwa m'foda imodzi yotchedwa Ammonites. Mumaidziwa desktop ija ya anthu ena, mafayilo 900 pamalo amodzi? Mu 1867 Alpheus Hyatt wa ku America anali mmodzi wa oyamba kuigawa, ndipo ndi iye anapeka mayina onse awiri, Dactylioceras ndi Hildoceras. Daktylos pa Chigiriki ndi chala, keras ndi nyanga.

Koma apa ndi pamene fanizo langa la mafoda limathera mphamvu. Fayilo ya pakompyuta ukhoza kuitsegula, n'kuona zimene zili mkati. Nyama yamoyo ukhoza kuiyeza DNA. Uyu anafa zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo, pamene DNA yakale kwambiri imene yapezekapo ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni zokha. Mnofu unaola kalekale. Chimene chatsala ndi maonekedwe a chigoba, ndi malo amene chapezeka m'miyala. Basi. Ndiye amene akufuna dzina ayenera kuphunzira kuwerenga chigoba, ndipo ndikukuuzani, si zovuta ngati mmene mayina ake akumvekera.

Choyamba muyang'ane kuchokera m'mbali, muone mmene chadzikulungira. Ma ammonite ena mzere womaliza umakula kwambiri n'kuphimba yonse ya mkati, pakati n'kungotsala kadzenje kakang'ono. Kadzenje ka pakatiko akatswiri amakatcha umbilicus, ndipo mawuwo tanthauzo lake ndi mchombo, ndiye ife tiziti mchombo. Mwa Dactylioceras mchombo ndi wotakasuka kwambiri. Mzere uliwonse umangotsamira pa unzake osauphimba, ndipo umakula pang'onopang'ono, moti mizere yonse ukhoza kuiwerenga mpaka pakati, ngati koyilo ya udzudzu kapena chingwe chopindidwa bwino. Ndinatenga rula ya mwana wanga. Kamwala konse ndi masentimita 6, mchombo wokha kupitirira pang'ono masentimita 3. Ndiye kuti kuposa theka ndi mchombo. Ndipo mvetserani izi. Maonekedwe amenewa m'mabuku a akatswiri amatchedwa serpenticone, kuchokera ku mawu otanthauza njoka. Tsiku limene ndinawerenga zimenezo ndinangotseka laputopu mwakachetechete, chifukwa Amayi anali pabalaza pomwepo.

Chachiwiri ndi nthiti, ndipo apa ndi pamene pagona nkhani. Musangoona kuti pali nthiti, tsatirani nthiti imodzi ndi chikhadabo. Mwa Dactylioceras commune nthiti imayambira cha kumchombo, n'kuyenda mowongoka, mopendekera kutsogolo pang'ono chabe. Ikafika pa phewa, pamene mbali yayamba kupindikira kunja, imagawanika pawiri ngati mphanda. Zina apo ndi apo zimapitirira zili zokha, koma zambiri zimachita mphanda. Ndiye mukawerenga nthiti za m'mbali, n'kuwerenganso za m'mphepete mwa kunja, zakunjazo zimachuluka pafupifupi kuwirikiza. Mwana wanga ndi amene anayamba kuiona mphandayo, ine ndikufunafuna magalasi.

Chachitatu, imikani mwalawo ngati tayala, muuyang'ane cha kutsogolo. Mphepete ya kunjayo ine ndinkaitcha msana, koma akatswiri amaitcha venter, kutanthauza mimba, chifukwa nyamayo ili moyo mbali imeneyo inali ya kumimba kwake. Apa ndi pamene pali keel ya aphunzitsi ija. Keel ndi kamzere kotukuka koyenda m'mphepete monse, ngati mtanda wa pansi pa boti. Dactylioceras alibe. Mphepete yake ndi yoburungira, ndipo nthiti zimawoloka kuchokera mbali ino kufika mbali inayo popanda chozidula. Mutati mudule mzere umodzi pakati, mungaone chibowo pafupifupi chozungulira ngati paipi.

Tsono tengani Hildoceras bifrons, amene ndinamunamizira uja. Ali ndi keel yooneka bwino, ndipo mbali zonse ziwiri za keel kuli kangalande. M'mbali mwake mulinso ngalande ina yoyenda mozungulira chigoba chonse, ngati wina anadutsitsa chala pa dongo losauma. Nthiti zake zimaonekera kunja kwa ngalandeyo, zopindika ngati chikwakwa, ndipo sizichita mphanda ija. Si abale a m'banja limodzi n'komwe, iye ndi wa ku Hildoceratidae. Anakhala m'nyanja imodzi, nthawi imodzi, amatuluka m'miyala yofanana pagombe lomwelo, koma kuwasokoneza kuli ngati kusokoneza mbuzi ndi nkhosa chifukwa zonse zikudya pa dambo limodzi. Mphunzitsi uja anangotembenuza mwala kamodzi, nkhani n'kutha.

Zikanathera pamenepo bwenzi ndikunena kuti ndi nkhani yophweka, pali nthiti za mphanda, palibe keel, lemba dzina. Koma nditalowa m'banja la Dactylioceratidae lenilenilo ndinapeza kuti muli mikangano ngati ya malire a munda. Muli Peronoceras, amene nthiti zake zimakumana ziwiriziwiri pa kachotupa ka pa phewa, ngati chingwe chokoledwa pa batani. Muli Catacoeloceras, wonenepa, mizere yake yotambalala kuposa kutalika kwake. Amenewa ukawaika pambali pa commune kusiyana kumaoneka. Koma pakati pawo pamakhala ena oti uyu wanenepa pang'ono, uyu ali ndi tizotupa mkati koma kunja alibe, uyu nthiti zathithikana. Malire uwaika pati?

Kunali katswiri wina wa ku England, Sydney Savory Buckman, amene anamwalira mu 1929. Munthuyu ma ammonite ankawadziwa, zimenezo palibe amatsutsa. Mabuku ake a zithunzi, amene anayamba ndi dzina lakuti Yorkshire Type Ammonites mu 1909, anthu akuwagwiritsabe ntchito. Koma anali ndi dzanja lofulumira kupeka mayina. Akaona kusiyana pang'ono, genus yatsopano. Cha m'ma 1926 ndi 1927 anatulutsa mayina ngati Anguidactylites, Koinodactylites, Athlodactylites ndi ena ambiri othera chimodzimodzi. Kuntchito kwathu timawadziwa anthu otere, aliyense ali ndi foda yakeyake, ina ili ndi fayilo imodzi yokha. Obwera pambuyo pake, monga W. J. Arkell m'buku lalikulu la Treatise on Invertebrate Paleontology la 1957, ndi Michael Howarth wa ku Natural History Museum ku London, amene anatola ma ammonite a gombe la Yorkshire mosamala mulingo ndi mulingo wa miyala, anabweza ambiri mwa mayinawo m'foda imodzi ya Dactylioceras. Ena ochepa anatsala ngati timagulu ta mkati mwa genus, monga Orthodactylites.

Chifukwa chiyani anawabweza? Chifukwa ukatola zigoba zambiri pa mulingo umodzi wa mwala, zimene zinakhala nthawi imodzi, umapeza kuti zowonda ndi zonenepa zalumikizana ndi zapakatikati, popanda mpata woti udulepo. Chodabwitsa n'chakuti Buckman yemweyo ndi amene anazindikira kuti maonekedwe a chigoba amayendera limodzi, kuti mwa ma ammonite a mtundu umodzi, amene ali ndi mchombo wotakasuka ndi mizere yonenepa amakhalanso ndi nthiti zikuluzikulu, pamene ophwatalala amakhala osalala. Lamulo limeneli lero limatchedwa ndi dzina lake. Ndiye zinthu zitatu zimene ungaziwerenge ngati maumboni atatu osiyana, mwina ndi umboni umodzi wokha. Chinanso, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Henryk Makowski wa ku Poland ndi John Callomon wa ku London, aliyense payekha, anasonyeza kuti mwa ma ammonite ambiri muli akuluakulu ndi ang'onoang'ono opezeka limodzi nthawi zonse, amene ayenera kuti ndi akazi ndi amuna a mtundu umodzi, aakulu kukhala akazi. Ena mwa amenewa anali atapatsidwa kale mayina a genus zosiyana. Tangoganizani, mwamuna ndi mkazi wake kulembedwa ngati nyama ziwiri zosadziwana.

Ine apa ndili kumbali ya ophatikiza, ndipo ndivomere kuti mwina ndi matenda a ntchito yanga. Dzina lililonse latsopano ndi katundu amene wina adzamusenze. Koma sindimunyoza Buckman, chifukwa kuphatikiza kwambiri nakonso kumabisa zinthu, timabwerera ku foda ija ya Ammonites. Chimene ndaphunzira n'chakuti genus si chinthu chimene chinadindidwa pa mwala. Ndi chigamulo cha anthu, chomangidwa pa miyeso, ndipo chikhoza kusinthidwa. Ngakhale chambo chathu m'mabuku akale chinkalembedwa Tilapia, lero chimalembedwa Oreochromis. Nsombayo sinasinthe, kukoma n'komweko.

Pang'ono pokha za makompyuta, mundikhululukire, sindingapirire. M'ma 1966 ndi 1967 David Raup wa ku America anasonyeza ndi kompyuta kuti zigoba zodzikulunga, za nkhono ndi za ammonite zomwe, ukhoza kuzijambula ndi manambala ochepa chabe: mzere ukukula mofulumira bwanji pa kuzungulira kulikonse, watalikira bwanji pakati, ndipo khomo lake ndi lotani. Ndinayesa pa Python usiku wina. Ukachepetsa kakulidwe n'kukulitsa mchombo, pa sikirini pamatuluka Dactylioceras. Ukatembenuza manambalawo pamatuluka chinthu chonga nautilus. Mizere yosakwana 20 ya code. Ndinagona mochedwa tsiku limenelo.

Mwina wina akufunsa kuti, nanga dzina likalakwika ndani wafa? Funso labwino. Yankho n'lakuti ma ammonite ndi wotchi. Ankasintha maonekedwe mofulumira, ankafalikira kutali, ndipo Dactylioceras amapezeka ku Ulaya, kumpoto kwa Africa, ku Siberia, ku Japan, mpaka ku America konse kuwiri. Kuyambira nthawi ya Albert Oppel wa ku Germany m'ma 1850, akatswiri amagawa miyala ya nyengo ya Jurassic m'magawo otchedwa ndi dzina la ammonite wopezekamo, ndipo magawo ena ndi a zaka zosakwana 1 miliyoni, zimene pa mbiri ya dziko ndi kuphethira kwa diso. Dactylioceras ndi wa nyengo yotchedwa Toarcian, pafupifupi zaka 184 miliyoni mpaka 175 miliyoni zapitazo. Gawo loyamba la nyengo imeneyi kuno limatchedwa ndi dzina la Dactylioceras tenuicostatum, wa nthiti zowonda zothithikana, wa kagulu ka Orthodactylites kaja. Amapezeka m'miyala ya munsi yotchedwa Grey Shale. Commune ali pamwamba, mu Alum Shale. Ukasokoneza awiriwa wasokoneza nthawi.

Ndipo pakati pa awiriwa panachitika zinthu. Pali mulingo wa mwala wakuda wotchedwa Jet Rock, umene ukauswa umanunkha mafuta. Unapangika pamene pansi pa nyanja panasowa okosijeni, dziko litatentha, zamoyo zambiri za m'nyanja n'kufa, pafupifupi zaka 183 miliyoni zapitazo. Akatswiri ambiri amagwirizanitsa tsoka limeneli ndi chiphalaphala chochuluka chimene chinatuluka pansi nthawi yomweyo kum'mwera kwa Africa ndi ku Antarctica, n'kudzaza mlengalenga ndi mpweya wotenthetsa dziko. Inu a ku South Africa, miyala yakuda ya pamwamba pa mapiri a Drakensberg ndi ku Lesotho ndi chiphalaphala chimenecho. Inu a ku Zambia ndi Zimbabwe, mwala umene madzi a Victoria Falls amagwerapo ndi wa gulu lomwelo. Ndiye tenuicostatum anakhalako tsokalo lisanafike pachimake, commune anabwera litadutsa. Kamwala kali m'dzanja langaka ndi ka mbumba ya opulumuka. Kuti udziwe zimenezo uyenera kuwerenga nthiti molondola.

Amayi anandifunsa ngati kwathu ziliko. Ku Karonga kuli mafupa a dinosaur yotchedwa Malawisaurus, koma miyala yake ndi ya mitsinje ndi pamtunda, pamene ammonite ndi wa nyanja ya mchere basi. Kufupi ndi kwathu amapezeka m'mbali mwa Indian Ocean, monga ku KwaZulu-Natal cha ku St Lucia, ndi ku Madagascar kumene kumachokera ambiri opukutidwa aja mumawaona m'mashopu. A ku St Lucia ndi a nyengo ya Cretaceous, ana a dzulo powayerekeza ndi wangayu. Koma chenjerani, ku South Africa lamulo silikulolani kutola fossil popanda chilolezo. Jambulani, musiye pomwepo.

Amene muli kuno ku UK mukafuna kupita ku Whitby, yang'anani kaye nthawi ya madzi. Nyanja ya kuno si ya ku Salima, imabwerera mofulumira ndipo imatsekera anthu kuphompho. Pitani madzi akuphwa, bwererani asanayambe kudzaza. Musaime pansi pa phompho, miyala imagumuka popanda kuchenjeza, ndipo musakumbe phompholo, tolani zimene nyanja yagwetsa kale. Ngati mukumenya mwala valani magalasi. Mvula ikakuvutani, pitani ku Whitby Museum ku Pannett Park, kuli ma ammonite ambiri okhala ndi mayina awo, mukayerekeze ndi wanu.

Ifeyo tinakhala pansi Loweruka lina, ine ndi mwana wanga, kulemba kapepala katsopano. Ine ndinkafuna kulemba commune, chifukwa zonse zikuloza komweko. Koma mwalawo tinautola uli wogubuduka kale pagombe, osati pa mulingo wake, ndipo mbali ina ya mphepete idakali yokwiririka. Akatswiri akakhala otsimikiza za mfunda koma osati dzina la mwini, amalemba genus n'kuwonjezera sp. Ndiye tinalemba Dactylioceras sp., Saltwick Bay, ndi tsiku limene tinatola. Mwana anafunsa kuti sp. n'chiyani. Ndinati ndi njira ya asayansi yonenera kuti apa ndi pamene tafika. Anati, "Ndiye bwanji simunalembe choncho poyamba paja?" Lolemba anabwerera nako kusukulu, ndipo akuti anaimika mwalawo ngati tayala n'kuonetsa anzake kuti keel palibe.

Amayi anabwerera ku Dedza mwezi wa Okutobala. Asananyamuke anakatenga kamwala kaja pa shelefu, anakatembenuza, n'kutsatira nthiti imodzi ndi chikhadabo mpaka pa mphanda, monga anawaonetsera mdzukulu wawo. Anati, "Chabwino, si njoka. Koma kuchipinda kwa mwana kasalowe." Ndiye kamakhala pa desiki yanga, pambali pa router.

Sabata yamawa tibwerera ku zathu zija, pali amene mwandifunsa za mafoni ogula kwa anthu amene amabwera atatsekedwa.